Mwana Wosamva Akamaliza Pulayimale: Ramotswa, Mochudi ndi Otse

Munthu akachoka ku Gaborone n'kulunjika kummwera pa msewu wa ku Lobatse, amafika pa mphambano ya Boatle asanatope n'komwe. Akakhotera kumanzere amalowa ku Ramotswa, likulu la anthu a mtundu wa Balete. Mudziwu uli m'malire enieni a Botswana ndi South Africa, moti mtsinje wa Ngotwane ndiwo umalekanitsa maiko awiriwa. Eni dziko amautchula kuti mudzi, ngakhale uli ndi anthu pafupifupi 30,000 komanso chipatala chachikulu cha mpingo wa Lutheran chotchedwa Bamalete. Ramotswa inamveka kutali m'chaka cha 2003 pamene Kgosi Mosadi Seboko analongedwa ufumu, kukhala mayi woyamba kulamulira mtundu wonse ngati mfumu yaikulu m'dzikolo. Koma makolo a ana osamva anali atalidziwa kale dzina la Ramotswa, chifukwa kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 akhala akutumiza ana awo kumeneko kukaphunzira.

Nkhani ya mwezi uno pa tsamba lino ikukhudza ana aulumali amene afika pa msinkhu wa zaka 13 mpaka 19. Za ana aang'ono zimakambidwa kawirikawiri, ndipo mabungwe amakonda kuwajambula ali m'kalasi ya Sitandade 1. Mwana yemweyo akasinkhuka, mawu ake akasintha kapena akatha msinkhu, anthu omufunsa za sukulu amachepa. Chonsecho m'pamene banja la mlimi limakumana ndi funso lolemera: mwanayu apite kuti tsopano, ndipo ndalama ya mbewu ikapita ku thiransipoti ndi sopo wa mwana wogonera kusukulu, kodi adzabwerako ndi chiyani? Dera lozungulira Gaborone lili ndi midzi itatu yoyandikana imene inayankha funsoli mosiyana, ndipo kuiika pamodzi kumaonetsa chimene kholo liyenera kuyang'ana posankha sukulu.

Makwerero a ku Mochudi

Ndi bwino kuyamba ndi Mochudi, likulu la Bakgatla, makilomita pafupifupi 40 kumpoto kwa Gaborone, chifukwa kumeneko n'kumene zinthu zinalongosoka koposa. Mpingo wa Dutch Reformed unatsegula malo othandizira ana osaona m'mudziwu m'chaka cha 1969, dziko litangotha zaka 3 lili pa ufulu wodzilamulira. Njira imene anasankha sinali yomanga sukulu ya osaona okhaokha. Ana amagona pa malo awo, amaphunzitsidwa zilembo za Braille ndi kuyenda ndi ndodo, koma m'mawa amapita ku sukulu za boma za m'mudzimo n'kukhala pa desiki limodzi ndi anzawo openya.

Chofunika kwambiri pa nkhani ya achinyamata n'chakuti makwerero ake sanathere ku pulayimale. Mwana wosaona akamaliza Sitandade 7 amalowa Fomu 1 pa Linchwe II Junior Secondary School, ndipo akakhoza mayeso a Fomu 3 amapitirira ku Molefi Senior Secondary School. Sukulu zonse ziwirizi ndi za boma, zonse zili ku Mochudi komweko, ndipo zili ndi aphunzitsi ndi zipangizo zothandizira ana osaona. Amene njira ya mayeso yamukanika, kapena amene khungu lamupeza atakula kale, ali ndi Pudulogong, malo ophunzitsira ntchito, m'mudzi womwewo. Mwana akhoza kukwera kuchokera ku Sitandade 1 mpaka Fomu 5 osasintha mudzi, osataya anzake, ndiponso osayambanso kufotokoza vuto lake kwa anthu achilendo chaka chilichonse.

Sikuti ku Mochudi kulibe madandaulo. Buku limodzi la ana openya likalembedwa m'zilembo za Braille limasanduka mabuku angapo okhuthala, ndipo silabasi ikasintha ana osaona amadikira nthawi yaitali kuti mabuku atsopano awafike. Makina olembera a Perkins akawonongeka amafuna mmisiri wake. Masamu ndi sayansi zimavuta chifukwa zithunzi ndi ma girafu ziyenera kusandutsidwa zinthu zokhudzika ndi chala. Komabe pali chinthu chimodzi chimene mwana wosaona amakhala nacho kuyambira ali kumsana kwa mayi ake: chinenero. Amamva Setswana kunyumba, amamva Chingerezi m'kalasi, amamva wailesi, amamva miseche ya anzake. Mphunzitsi wa mbiri yakale akamalankhula, mwana wosaona amalandira phunziro lomwelo limene anzake akulandira, pa nthawi yomweyo.

Makwerero a ku Ramotswa

Mwana wosamva alibe mwayi umenewu, ndipo apa m'pamene pagona kusiyana konse. Pa ana osamva 10 alionse, pafupifupi 9 amabadwa kwa makolo akumva, amene sanaonepo chinenero cha manja. Pakhomo amalankhulana ndi mwanayo mwa kuloza: nsima, madzi, tulo, choka. Zizindikiro zapakhomozi zimakwanira kumutuma kumunda, koma sizikwanira kumufotokozera chifukwa chimene agogo ake sakuonekanso, kapena kuti mawa ndi chiyani. Ambiri mwa ana otere amafika ku sukulu ali ndi zaka 7, 8 kapena kupitirira, alibe chinenero chilichonse chokwanira. Alimi amadziwa kuti mmera mpoyamba. Chimanga chimene chasowa mvula pomera, ngakhale chithiridwe feteleza pambuyo pake, sichifanana ndi chinzake, ndipo ubongo wa mwana umatero ndi chinenero.

Ramotswa Centre for Deaf Education inakhazikitsidwa kuti itseke mpata umenewu. Ntchitoyi inayamba ndi thandizo la a mpingo wa Lutheran ndi bungwe la ku Germany la Christoffel Blindenmission, ndipo malowa amayendetsedwa ndi bungwe la Botswana Society for the Deaf, boma likuthandiza ndi aphunzitsi ndi ndalama. Pambuyo pake anatsegula malo ena ngati amenewa ku Francistown kuti athandize ana a kumpoto. Sukuluyi ndi yogonera konko. Chimene alendo ambiri sachizindikira n'chakuti phindu lalikulu la sukulu yotere silichokera m'kalasi mokha. Limachokeranso ku chipinda chogona, ku bwalo la mpira ndi pa mzere wa chakudya, kumene mwana watsopano amaona anzake akukangana, akunena nthabwala ndi kusimba nkhani ndi manja. Pakangopita miyezi yowerengeka amakhala atatola chinenero chimene kwawo sakadachipeza.

Ku Botswana mwana aliyense ali ndi malo ku sekondale, chifukwa maphunziro oyambira ndi a zaka 10: zaka 7 ku pulayimale ndi zaka 3 ku sekondale yoyamba. Mayeso a Sitandade 7 satsekera munthu khomo la Fomu 1 monga amachitira mayeso a Sitandade 8 ku Malawi. Choncho mwana wosamva wa ku Ramotswa amapita pa Ramotswa Junior Secondary School, sukulu ya boma imene ili ndi chigawo cha ana osamva, ndipo anzake a ku Francistown amapita pa Tashatha Junior Secondary School ku Tati Siding. Poyang'ana pa pepala, makwerero awa akufanana ndi a ku Mochudi aja.

M'kalasi zinthu zimasintha. Ku pulayimale mwana anali ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri amene amamudziwa bwino. Ku sekondale phunziro lililonse lili ndi mwini wake, ndipo mphunzitsi wodziwa sayansi sakhala wodziwa chinenero cha manja nthawi zonse. Amene anaphunzira chinenerochi kwa miyezi yochepa amatha kupereka moni ndi kufunsa dzina, koma kufotokoza mmene mbewu imapangira chakudya chake kuchokera ku kuwala kwa dzuwa ndi nkhani ina. Ngati pali womasulira, phunziro limadutsa mwa munthu wachiwiri, ndipo womasulira amene sadziwa masamu amapereka masamu operewera. Palinso vuto laling'ono limene anthu akumva saliganizira: mwana wakumva amatha kulemba uku akumvetsera, pamene wosamva akaweramitsa mutu kuti alembe, phunziro lamudutsa.

Pamwamba pa zonsezi, mabuku ndi mayeso zili m'Chingerezi, chinenero chimene mwanayo sanachimvepo ndi khutu. Chinenero cha manja si Chingerezi kapena Setswana chochitidwa ndi zala. Chili ndi malamulo akeake, ndipo nkhope, mapewa ndi malo amene dzanja laima zonse zimanyamula tanthauzo. Zizindikiro zambiri zimene zinalowa m'sukulu za ku Botswana zinachokera ku America, ndipo aphunzitsi ena amaziika mu ndondomeko ya mawu a Chingerezi, pamene ana akakhala okha amalankhula mwa njira yawo. Akatswiri a pa University of Botswana amene afufuza za sukuluzi alemba mobwerezabwereza zinthu ziwiri: kuti aphunzitsi ambiri sadziwa chinenero cha manja mokwanira, ndi kuti ana osamva ochepa okha ndi amene amakhoza mayeso a Fomu 3 mpaka kupeza malo ku sekondale yapamwamba. Bungwe loyendetsa mayeso limaonjezera nthawi kwa ana aulumali ndi kusindikiza mapepala a Braille kwa osaona. Kwa wosaona thandizo limeneli limachotsadi chopinga. Kwa wosamva, mphindi zoonjezera sizimasulira funso limene lalembedwa m'chinenero chimene sanachigwire.

Wochepa amene wakhozayo amakumana ndi mtunda. Kwa zaka zambiri sukulu ya boma imene inkadziwika polandira ana osamva a Fomu 4 ndi Fomu 5 inali Maun Senior Secondary School, kumpoto chakumadzulo kwa dziko, makilomita oposa 800 kuchokera ku Ramotswa. Mnzake wosaona wa ku Mochudi ankangowoloka mudzi.

Tsidya lina la Ngotwane zinthu zinayenda mwina. Ku South Africa ana osamva anayamba kulemba chinenero cha manja ngati phunziro pa mayeso omaliza a sekondale m'chaka cha 2018, ndipo mu 2023 chinenerochi chinakhala cha nambala 12 pa zinenero zovomerezeka ndi boma. Dziko la Zimbabwe linachita zimenezi kale m'malamulo ake aakulu a 2013, amene pa zinenero 16 anatchula cha manja pamodzi ndi Chichewa. Lamulo palokha siliphunzitsa mwana, ndipo sukulu za osamva m'maiko awiriwa zili ndi mavuto awo. Koma pamene chinenero chili phunziro la mayeso, boma limakakamizika kuphunzitsa aphunzitsi ake ndi kulemba silabasi yake.

Otse, ndi ana amene makwerero alibe

Mudzi wachitatu ndi Otse, umene uli pakati pa Ramotswa ndi Lobatse. Kumeneko nkhani ndi ya ana amene nzeru zawo zimakula pang'onopang'ono. Boma la Botswana linatsegula makalasi apadera a ana otere m'sukulu zambiri za pulayimale, makamaka pambuyo pa ndondomeko ya maphunziro ya 1994, ndipo pali malo oyezera ana ku Tlokweng otchedwa Central Resource Centre amene amalangiza kumene mwana ayenera kupita. Vuto n'lakuti makalasi amenewa ali ku pulayimale. Mnyamata wa zaka 17, ndevu zitayamba kumera, amapezeka adakali pa sukulu imodzi ndi ana a zaka 7, akubwereza zomwezo, mpaka tsiku limene msinkhu udzamutulutse n'kubwerera kunyumba.

A Camphill, amene anayamba ntchito ku Otse m'chaka cha 1974, anaona mpata umenewu. Sukulu yawo ya Rankoromane imalandira ana, Legodimo inakonzedwera achinyamata, ndipo Motse wa Badiri imaphunzitsa ntchito kwa okulirapo. Maphunziro ake ndi a manja: dimba, kusamalira mitengo, kuphika, kuumba ndi zina zotere, pamodzi ndi kuwerenga ndi kuwerengera kumene munthu amakufuna pa msika. Malowa si a boma ngakhale boma limawathandiza, ndipo malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna kulowa. Ku Otse komweko, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kunali kampani yaing'ono ya Godisa imene inkalemba ntchito achinyamata osamva kuti azipanga tizipangizo tothandiza kumva, tokhala ndi mabatire otchajidwa ndi dzuwa. Achinyamata osamvawa ankagwira ntchito ya mawaya ang'onoang'ono imene anthu ambiri sangaithe.

Ena amanyoza maphunziro a ntchito zamanja, amati ndi potayira ana amene sukulu yawalephera. Chidzudzulochi chili ndi mbali yoona. Mtsikana wosamva wanzeru zake, amene akadakhala namwino kapena mphunzitsi, sayenera kukankhidwira ku makina osokera chifukwa choti mphunzitsi wa sayansi sadziwa kulankhula naye. Koma kwa mnyamata wa ku Otse uja, kudziwa kufesa nazale ndi kuwerenga chenji kumaposa satifiketi imene sadzaipeza. Cholakwika ndi kupereka njira imodzi kwa ana onse aulumali ngati kuti ulumali ndi umodzi.

Kwa owerenga a ku Malawi ndi ku Zambia

Zonsezi si zachilendo kwa anthu a ku Chipata, Dedza kapena Chiradzulu. Ku Zambia, amishoni a Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa osaona ku Magwero, pafupi ndi Chipata, m'chaka cha 1905, ndipo patapita zaka anatsegulanso sukulu ya osamva pamalo omwewo. Ku Lusaka, sukulu ya sekondale ya Munali yakhala ikulandira ana aulumali kwa nthawi yaitali. Ku Malawi, sukulu za osaona za Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje zinayamba m'zaka za m'ma 1950, nazonso ndi amishoni. Za osamva zilipo Maryview ku Nguludi, Mua ku Dedza, Mountain View ku Bvumbwe, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ina ku Karonga. Aphunzitsi ambiri a sukuluzi anadutsa pa koleji ya Montfort ku Nguludi.

Mbiri ya sukulu za osamva ku Malawi ndi ya pulayimale. Mwana akalemba mayeso a Sitandade 8 amapikisana ndi ana onse a m'dziko kuti asankhidwe, ndipo akasankhidwa amalowa sekondale wamba, kumene mwina kuli chipinda cha zipangizo ndi mphunzitsi mmodzi wa maphunziro apadera wosamalira osaona, osamva ndi ena onse. Ndiye kuti chimene chimachitika pa Fomu 3 ku Botswana, ku Malawi chimayamba msanga. Sukulu zakale za osamva zinkalimbikira kuphunzitsa ana kuwerenga milomo ndi kutulutsa mawu, potsatira maganizo amene anafala kuchokera pa msonkhano wa ku Milan wa 1880, umene unagamula kuti manja asamagwiritsidwe ntchito pophunzitsa. Maganizo amenewo anatayidwa, koma anasiya mbadwo wa aphunzitsi amene sanaphunzire chinenero cha ana awo. Buku lotanthauzira chinenero cha manja cha ku Malawi linatuluka mu 2021, bungwe la anthu osamva la MANAD litaligwirira ntchito kwa zaka zambiri.

Pa mapepala maiko onse atatu ali pamodzi. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, Zambia mu 2010, ndipo Botswana inachedwa mpaka 2021. Onse amatsatira mfundo imene inagwirizanidwa ku Salamanca m'dziko la Spain mu 1994, yakuti ana aulumali aziphunzira pamodzi ndi anzawo m'sukulu za kufupi ndi kwawo, ndipo Botswana inalemba ndondomeko yake ya maphunziro ophatikiza mu 2011. Mfundoyi ndi yabwino, ndipo Mochudi yaonetsa kwa zaka zoposa 50 kuti imatheka. Kwa mwana woyenda pa njinga ya olumala, chofunika ndi khomo lotakasuka, chimbudzi cholowekamo ndi njira yopanda masitepe. Kwa mwana wachialubino, mpando wakutsogolo, zilembo zikuluzikulu, chipewa ndi chitetezo. Koma mwana wosamva mmodzi yekha m'kalasi ya ana 80 akumva sanaphatikizidwe ndi aliyense. Wangokhala pakati pa anthu amene milomo yawo ikuyenda. Kwa iyeyu sukulu yabwino ndi imene ili ndi ana ena osamva okwanira kupanga gulu, ngakhale ikhale kutali.

Zofunsa kholo lisanagulitse mbuzi

Mlangizi wa m'mudzi, kaya ndi wa zaumoyo, wa zaulimi kapena wa chitukuko, nthawi zambiri ndiye munthu woyamba amene kholo limamufunsa. Mlangizi wotere asakhutire ndi dzina la sukulu kapena utoto wa makoma ake. Aperekeze kholo kukaona, ndipo apite tsiku la maphunziro, osati tsiku la alendo. Ngati mwana ndi wosamva, apemphe kulowa m'kalasi ya masamu kapena sayansi ya Fomu 2 n'kuyang'ana manja a ana. Ngati ana akufunsa mafunso, akutsutsa, akuseka pamodzi ndi mphunzitsi, phunziro likulowa. Ngati akungokopera za pa bolodi mwakachetechete, makope awo adzakhala aukhondo koma mitu ilibe kanthu. Afunsenso ngati pa sukulupo pali munthu wamkulu wosamva amene amagwira ntchito, kaya mphunzitsi, wothandizira kapena wosamalira ana kogona. Mwana amene sanaonepo wamkulu wonga iye amavutika kuganiza za tsogolo lake.

Ngati mwana ndi wosaona, funso ndi la mabuku: kodi a chaka chino alipo m'zilembo za Braille, makina olembera ndi angati ndipo ogwira ntchito ndi angati, nanga amene amamasulira zolemba za mwana kuti mphunzitsi wopenya azichonge ndani? Ndipo pa ulumali wa mtundu uliwonse pali funso limodzi limene mphunzitsi wamkulu woona mtima sakwiya nalo: ana amene anamaliza pano zaka 3 zapitazo ali kuti? Sukulu imene imadziwa kumene ana ake anapita ndi yosiyana ndi imene imawaiwala akangotuluka pa geti.

Nkhani ya kogona isasiyidwe, makamaka kwa atsikana. Mtsikana wosamva kapena wochedwa kumvetsa zinthu ali pa chiopsezo chachikulu cha kuchitidwa nkhanza, chifukwa womuchitira amadalira kuti sadzatha kunena, kapena akanena sadzakhulupiriridwa. Kholo lifunse kuti usiku amagona ndi ana ndani, ngati munthuyo amadziwa kulankhula nawo, ndi kuti mwana akadwala kapena akakhala ndi dandaulo amapita kwa yani. Uphungu wa kutha msinkhu, wa Edzi ndi wa kulera umayenda pa wailesi, m'misonkhano ndi m'mawu a anankungwi, ndipo zonsezi zimamudutsa wachinyamata wosamva. Botswana inayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwaulere m'chaka cha 2002, koma munthu amapindula ndi chithandizo chimene wamva kuti chilipo, ndipo kuchipatala amafunika womasulira amene angasunge chinsinsi.

Pali ntchito ina imene mlangizi angaichite mwana asanafike n'komwe pa msinkhu umenewu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a vuto la kusamva kwa ana akhoza kupewedwa. Chikuku, matenda oumitsa khosi, malungo aakulu ndi mafinya otuluka m'khutu kwa nthawi yaitali ndi zina mwa zoyambitsa zake. Katemera, masikito ndi kupita msanga kuchipatala khutu likayamba kuchucha zimapulumutsa makutu ambiri. Mwana wa zaka 2 amene sacheuka akaitanidwa kumbuyo, kapena amene sanayambe kutchula mawu, ayezedwe. Ku Malawi kuli malo oyezera makutu pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa African Bible College ku Lilongwe. Kudikira kuti mwina adzalankhula akakula, kapena kutha chaka kwa asing'anga pofuna amene anamulodza, kumadya zaka zomwe zija zimene chinenero chimamera.

Chotsala ndi tchuthi. Mwana wa ku Ramotswa kapena ku Magwero amabwerera kwawo mu Disembala, nthawi ya mvula, banja lonse lili kumunda. Kusukulu anali munthu wa nkhani zambiri, mwina mtsogoleri wa anzake. Pakhomo amabwerera ku kuloza: nsima, madzi, khasu. Ambiri amawerenga masiku kuti sukulu itsegulidwe, ndipo makolo amadabwa kuti mwana wasanduka wamwano kapena wokonda kukhala yekha. Mabanja amene zinthu zimawayendera bwino ndi amene mmodzi wa pakhomo, kawirikawiri mlongo kapena mng'ono wake, anaphunzira chinenero cha manja kwa mwini wakeyo. Izi sizilira ndalama. Madzulo akaweruka kumunda, mwana wosamva akhale mphunzitsi, aphunzitse a pakhomo zizindikiro 5 pa tsiku, kuyambira pa maina a anthu a m'banjamo, mbewu ndi ziweto. Akhale pamalo owala, pafupi ndi moto kapena nyali, chifukwa mumdima manja saoneka. Tchuthi cha masabata 5 chikamatha, banjalo likhala ndi zizindikiro zoposa 150, zokwanira kuti mayi afunse mwana wake mmene sukulu ikuyendera, ndi kumva yankho lake.